Boneti ya pikapu ya bambo

Ndikukumbukira fungo la palafini m'manja mwa mayi anga chaka chimene bambo anatisiya. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Nsanama, kuseri kwa msika. Bambo anasiya nyumba, ana atatu ndi pikapu yakalekale yobiriwira imene ankanyamulira mpunga kupita ku Liwonde ndi ku Ulongwe. Kuyambira pamene anadwala, galimotoyo inangoima pansi pa mtengo wa mango dzinja lonse, nkhuku zikuikira mazira kumbuyo kwake.

Sadaka ya masiku makumi anayi itangotha, kunabwera a Jafali, akulu awo a bambo, ochokera ku Ntaja. Anaizungulira galimoto kawiri, akumenya matayala ndi phazi, kenako anakoka boneti. Inangotseguka pang'ono mbali ya kumanja, kumanzere inakaniratu.

"Mlamu, ichi n'chitsulo chabe," anatero. "Ngakhale pothira madzi simungafikepo. Lachisanu tikatuluka ku mzikiti ndibwera ndi anthu tidzaikoke."

"Iyayi, alamu," mayi anayankha osakweza mawu. "Galimoto iyi ndi ya ana awa."

A Jafali anaseka, n'kunena kuti munthu amene sangatsegule boneti alibe chonena pa za galimoto. Anakwera njinga yawo n'kumapita.

Mayi anali asanagwirepo sipanala. Komabe m'mawa mwake anamanga chitenje m'chiuno, natulutsa chikwama cha zitsulo cha bambo. Anathira palafini m'mphepete mwa boneti, pafupi ndi galasi, pamene pali mahinji, tinadikira mpaka dzuwa litafika pamutu. Mbali ya kumanja inafewa. Ya kumanzere inkangolira ngati chitseko cha khola, osasuntha. Mayi anayesa kulowetsa dzanja pampata paja koma silinakwane, ndiye anayang'ana langa.

Ndinagona chafufumimba pamwamba pa tayala, tsaya litagunda chitsulo chotentha, n'kulowetsa mkono mpaka paphewa. M'katimo munali akangaude, masamba ouma ndi dzimbiri lokhakhala ngati mchenga. Ndinapapasa hinji ya kumanja kaye kuti ndidziwe mmene yabwino imakhalira: inali ndi sipuling'i yaitali yokoka bwino. Kumanzere sipuling'i inali itaduka, ndipo chidutswa chake chinapanikizika pakati pa zitsulo ziwiri za hinji. Tinapinda waya wa mpanda ngati mbedza, ndinakoka mpaka zala zinachita matuza. Chidutswacho chitagwera pansi, boneti inatseguka yonse. Tinaona injini, ndi chisa cha makoswe pambali pake.

Koma kuima yokha inkakana. Tinachotsa sipuling'i pa bedi lachitsulo la mayi n'kuikolekapo. Inaoneka ngati yagwira, kenako boneti inatsika mwamphamvu n'kupana chala cha mayi. Chikhadabo chinada pomwepo. Anakhala pansi, anachimanga ndi kansanza, sanalire. Amayi oyandikana nafe, amene ankasuzumira pa mpanda, anawauza kuti angowapatsa eni ake asanadzivulaze. Mayi anawayankha kuti eni ake ndi ife.

Lachinayi tinapita kwa a Mbewe, bambo wokonza njinga pamsika, titamasula hinji ya kumanzere ija, imene inali itapindika, n'kuinyamula m'jumbo. Anaiwongola ndi nyundo, n'kufufuza m'mulu wa zitsulo zawo mpaka anapeza sipuling'i ya galimoto ina yakufa. Inali yolimba moti anthu awiri sitikanatha kuitambasula. A Mbewe anatiphunzitsa nzeru yake: kuipinda uku ndi uku, n'kumalowetsa mawashala, tizitsulo taphanthiphanthi tozungulira, m'mipata yake limodzilimodzi mpaka itatalika yokha. Kunyumba tinabwezera hinji pamalo pake, ndipo sipuling'iyo ndinaikoleka mosavuta. Mayi atatsitsa boneti pang'onopang'ono, sipuling'i inatambasuka, mawashala onse anayoyokera pansi. Tinapaka girizi, tinatsegula ndi kutseka mwina kakhumi, tikungosekerera ngati ana tonse awiri.

Lachisanu masana a Jafali anafika ndi amuna anayi ndi chingwe chachikulu. Anapeza mayi ataima kutsogolo kwa galimoto, ife ana tili kumbuyo kwawo. Mayi sanapereke mpando. Anakweza boneti ndi dzanja limodzi, lomwe lija la chala chomanga, n'kuisiya. Inaima njo.

"Ndatsegula, alamu. Tsopano ndili ndi chonena. Galimoto iyi sichoka pano."

Mmodzi wa amuna aja anayamba kukulunga chingwe chake asanauzidwe. A Jafali anayang'ana m'injini nthawi yaitali ngati akufuna cholakwika china. Zolakwika zinalimo zambiri, chifukwa batire inali yakufa ndipo galimotoyo sikanalira tsiku limenelo ngakhale tikanaikankha mpaka ku Balaka. Koma iwo anali atanena za boneti, pamaso pa anthu. Anangoti tidzatopa nayo tokha, n'kutuluka.

Sitinatope nayo. Inatenga miyezi iwiri kuti ilire, mayi anapeza dalaivala, ndipo inatinyamulira mpunga mpaka ine nditamaliza sekondale.

Masiku ano galimoto zake n'zina. Ukatsegula boneti umapeza zonse zakutidwa ndi pulasitiki, ndipo amakaniko amayamba alumikiza kompyuta asanagwire chilichonse. Akazi akuyendetsa okha, ena ali ndi magalaja awo, ndipo amasiye ambiri akudziwa kokadandaula achibale akabwera ndi chingwe. Mayi analibe kokadandaula. Pano akalamba, amakhala ndi ine ku Balaka, ndipo galimoto yanga ikangotsokomola amandiletsa kuimbira makaniko ndisanayang'anemo ndekha.