Madontho Ofiira a Febian Sakala

Febian Sakala wa m'komboni ya Makandanyama wagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pakampani ina yogaya chimanga ku Kabwe, ndipo tchimo lake n'limodzi: amakonza zinthu bwino mopitirira muyeso. Bambo ake, omwe anali makanika wa sitima, anamusiyira masipanala awiri ndi lamulo lakuti chilichonse chokonzedwa mongoyembekezera azichidonthezera penti yofiira kuti chisaiwalike.

Makina olongedza ufa pakampanipo anachokera kunja, mtengo wake woti ungagule komboni yonse ya Natuseko. Mphira wa m'kati utang'ambika, Febian anadula tayala la minibasi n'kuikapo. Sipuling'i itathyoka, anazula ya pachishalo cha njinga yake, moti mpaka lero amapalasa ngati wakhalira mwala. Paliponse ankasiya dontho lofiira. Bwana wake, a Musonda, ankangomusisita paphewa n'kumati zitsulo zenizeni zili m'njira. Kaya ndi njira iti, koma madontho anakwana makumi atatu.

Chimene chinkamudya mumtima n'chakuti makinawo anasanduka ndende yake. Palibe wina ankadziwa pomwe pamangidwa ndi waya, choncho tchuthi ankangochimvera kwa anzake. Mwala wa pamanda a bambo ake ku Katete unadikira zaka zitatu osavundukulidwa, abale mpaka anatopa n'kusinthasintha tsiku. Chaka chino anati zivute zitani apita. Anatha mwezi wathunthu akulangiza Vainess, makanika mnzake, tanthauzo la dontho lililonse, ndipo a Musonda anasaina kalata ya tchuthi.

Lachinayi, tikiti ya basi ili m'thumba, analowa kukampani kuja kuti akatsanzike. Anapeza makina akuwala, obiriwira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kunkabwera alendo odzagula ufa, ndiye bwana analamula kuti apakidwe penti, ati madontho aja ankachititsa manyazi. Vainess anangotambasula manja. Febian anapsa mtima.

"Ba Sakala, onani, mashini yaoneka monga yanyowani," anatero a Musonda. "Koma manje Vainess akamba ati sangazibe pogwira. Muzayenda mwezi ubwera."

Febian anaimbira mlongo wake ku Katete kuti mwalawo angouvundukula iye kulibe. Kenaka anatenga kachitini ka penti yofiira, nagwada, n'kuyamba kupapasa ndi chala pamene panali tayala lija.