Damu la Mdindo

Pakamwa panga pandilaula sabata ino, abale. Ndikulemba nkhope ili pansi.

Loweruka titaweruka kutchalitchi tinasonkhana kunyumba kwa a Chirwa ku Beech Grove, monga timachitira Amalawi akuno ku Amereka, aliyense ndi mbale yake m'manja. Kunabweranso Tadala, mwana wa achimwene anga, amene akuphunzira zauinjiniya ku South Bend. Anabwera kuno ali wakhanda, ndipo wakulira ku Speedway. Chichewa amamva bwinobwino, koma ukamufunsa amayankha m'Chingerezi, ngati anzake onse.

Tsikulo anapempha kuti ayankhule kwa akuluakulu, ndipo anayamba m'Chichewa. Tonse tinasiya kutafuna.

Anati kusukulu akuphunzira kamangidwe ka madamu a dothi osungira madzi kumalo ouma ngati chipululu, kumene mvula imagwa yaukali kenako n'kusowa miyezi. Pakati pa khoma amaika dongo kuti madzi asadutse, m'mbali mchenga ndi miyala, ndipo pambali amasiya njira yotayira madzi akasefukira. Damulo limafunika lakuya osati lotambalala, chifukwa dzuwa limamwa madzi. Pempho lake linali limodzi: patchuthi chachitali akufuna kukayeza dothi ku Chikwawa, ndiye amafuna banja loti likamusunge.

Kenako anafuna kutifotokozera momwe amamangira khomalo. Amathira dothi pang'ono, kulinyowetsa, kulitsendera, n'kuthiranso lina pamwamba. Anayang'ana bambo ake, amene anamuphunzitsa mawuwo pafoni, n'kunena monyadira kuti, "Ndi damu la mdindo."

Apa ndi pamene satana anandikwera.

"Iii, Tadala mwana wa achimwene!" ndinatero ine, azakhali ake enieni. "Mpaka ku Amereka kudzaphunzira mdindo? Kumudzitu amadinda nyumba opanda digiri!"

Nyumba yonse inaphulika ndi phwete. A Chirwa anawonjezera kuti, "Kodi simenti yatha m'dziko muno?" Mayi ena anabwereza mawu aja potengera lilime la mwanayo, anthu n'kumagwirana m'mapewa. Ine ndinaseka mpaka misozi, n'kumadzimva kuti ndine katswiri wa nthabwala.

Tadala anamwetulira pang'ono, anamaliza nkhani yake m'Chingerezi mwachangu, n'kukhala pansi. Za banja la ku Chikwawa palibe anazikumbukanso, chonsecho m'chipindamo munali anthu a kuchigwa komweko.

Manyazi anandipeza m'galimoto pobwerera. Ndinali nditawatenga achimwene. Titadutsa m'tauni anangoti, "Mwana ujatu wakhala akundiimbira foni mwezi wonse kuti ndimukonze Chichewa." Basi. Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko.

Kodi tinaseka chiyani kwenikweni? Mwanayo sanalakwitse. Kutsendera dothi lonyowa mpaka lilimbe ndi mdindo ndithu, kaya mukudinda ndi mtengo kaya ndi chimakina. Chimene chinatiseketsa ndi dothilo. Ambirife tinakulira m'nyumba zamdindo, ndipo tinalumbira kuti sitidzabwererakonso. Timagwira madabulo kuchipatala, ntchito ya usana ndi usiku womwe, miyendo kutupa, kuti kumudzi kuime nyumba ya njerwa zootcha ndi malata. Kwa ife chitukuko ndi simenti. Ukatchula dothi timamva fungo la umphawi, ndiye timathamangira kuseka anzathu asanatikumbutse kumene tinachokera.

Mzungu akanaimirira pamenepo n'kunena zomwezo m'Chingerezi, tikanaseka? Bwenzi tikugwedeza mitu, ena n'kumapempha kuti tijambulitse naye.

Ndiponso ndife omwe timadandaula pamapemphero aliwonse kuti ana athu ataya chiyankhulo. Ndife omwe timati achinyamata ophunzira safuna kukathandiza kwawo. Tikaimba foni kumudzi n'kumva kuti zitsime zauma, amayi akukumba mchenga mumtsinje kufuna madzi, timapukusa mitu kuti boma likugona. Ndiye pabwere mwana, ndi Chichewa chake chopempha, ndi nzeru yosunga madzi pogwiritsa ntchito dothi lomwe lili kale pakhomo, ife n'kumusandutsa sewero la pambuyo pa chakudya. Ndi ufiti wamtundu wanji umenewu?

Lachiwiri ndinalimba mtima n'kumuimbira. Ndinapepesa mosazungulira. Ndinamuuza kuti azakhali ake ndi chitsiru chokalamba, ndipo ndayankhula kale ndi mayi ena a ku Nchalo amene mchemwali wawo angamusunge. Akuluakulu adati madzi akatayika sawoleka, koma ndinati ndiyesebe ndi manja.

Anandiyankha mwaulemu, m'Chingerezi, kuti ndisadandaule. Anandiuzanso kuti aphunzitsi ake akutenga ophunzira kupita kuchipululu cha ku Arizona patchuthi chomwecho, ndipo akufuna yankho lake Lachisanu. Kumeneko, akuti, anthu akamva za damu la dothi amafunsa mafunso.

"Nanga ku Chikwawa, mwanawe?" ndinafunsa.

Anayankha m'Chichewa, pang'onopang'ono, akusankha liwu lililonse:

"Azakhali, ngati inu munaseka, kumeneko sakandiseka?"

Lachisanu ndi mawa. Inu amene munali kwa a Chirwa, munaseka nane limodzi: ndimuuze chiyani mwanayu?