Madzi a Mbatatesi za Lyson

Lyson ndi mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi amene anatisiya iye akukwawa. Ndinamulera ine kuno ku Likhubula, ndipo wofuna kumunena ayambe wadzera pakhomo panga. Sukulu analekera Fomu 2, nkuyamba kunyamula zikwama za alendo okwera phiri. Ine ndinkafuna adzakhale kalaliki ku esiteti ya tiyi, koma miyendo yake inasankha phiri. Anzake ataona kuti akaphika mpunga sapsereza, anamusiyira mapoto, iye nkukhala wophikira alendo kumtunda kuja.

Kumeneko ndi kumene mayi wina wochokera kudziko lozizira, kaya liti, anamuphunzitsa zitumbuwa za mbatatesi. Lyson anandiphikirapo kamodzi ine ndili kudimba. Ndinapeza zapsa kale, zofiirira, zokhukhuta m'mbali, ndipo ndinadya mpaka kunyambita zala. Mmene anaziphikira sindinaone, sindinafunsenso.

Chaka chatha anakwatira Rute wa kufupi ndi Chitakale, nkupita kukakhala kuchikamwini. Analima, anafolera khitchini, anachita zonse zimene mkamwini amachita. Rute atakhala ndi pakati anayamba kukana zakudya, ndiye Lamulungu lina atachoka kutchalitchi Lyson anati amuphikire zitumbuwa zake zija. Apongozi ake, a Esteri, anali kusenda nandolo pansi pa mango, akuona zonse.

Lachitatu lake kunabwera a Robson, mwana wanga wamwamuna, amenenso ndi nkhoswe ya Lyson. Anati kuli mlandu. A Esteri anaona mkamwini akupala mbatatesi zaziwisi pachitini choboolaboola ndi msomali. Anaona nyenyeswazo zikufiira, kenako nkuda. Anamuona akuzimanga m'kansalu, kuzifinya, kutuluka madzi abii, iye nkukawatsanulira kuseri kwa khitchini. Ndipo pansi pa mbaleyo anakokotapo zinthu zoyera ngati laimu nkuzibwezera m'chakudya cha mwana wawo wapakati. A Esteri analanda mbale, analetsa aliyense kulawa, ndipo anati mnyamatayo akapanda kulongosola amange bulangete lake abwerere kwawo.

Ndinakalipa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Koma nditakhala pansi, mutu unaima. Ife Alomwe chakudya chotayidwa madzi timachidziwa. Kalongonda, nyemba zathu zija, timamuwiritsa nkutaya madzi, kuwiritsanso nkutayanso, chifukwa ukapupuluma amakuzunguza mutu. Chinangwa chowawa chimodzimodzi. Nanga mbatatesi, zimene timangowiritsa nkudya ndi msuzi wake womwe, zinayamba liti kukhala ndi madzi otaya? Ndipo zoyerazo zinachokera kuti, poti sanazigule?

Ndinamuitanitsa Lyson. Anati ukapanda kufinya zimatuluka zonyowa ngati phala. Anati kudako ndi mphepo chabe, nchifukwa chake ukapala usamachedwe, ndipo mchere uzithira pomaliza. Anati madziwo umawasiya adikhe, zoyera zikhale pansi, poti ndi zimene zimagwiriza chitumbuwa pamodzi ndi dzira. Ine ndinafika Sitandade 5 ndipo kuwerenga ndimatha, koma zoti mphepo imadetsa chakudya sindinazimvepo. Ndinamufunsa kuti ngati madziwo ndi oipa, bwanji nsenga zake zili zabwino? Anangoti, “Zimangotero, agogo.” Ndiye mukuona? Ine amene ndinamulera sindinamve, nanga a Esteri akanamva bwanji, pamene mkamwini saloledwa ngakhale kuwayang'ana kumaso?

Loweruka m'mawa ndinavala chitenje changa chatsopano, ine ndi a Robson nkukwera minibasi. Tinapeza ankhoswe akuchikazi akhala kale pamphasa, Rute ali pakhonde maso atatupa. Sindinafune zambiri. Ndinati mwanayo aphike pomwepo, aliyense aone.

Anakoleza mbaula atafulatira apongozi ake. Anasenda, anapala, anaduladula anyezi. Mbatatesi zija zinayambadi kufiira ine ndikuona. Anafinya. Madzi anatuluka ngati a m'chithaphwi. Anaika mbaleyo pambali nkutembenuka kukaswa dzira.

“Asewere,” anatero a Esteri, akuloza ndi mlomo, “inu mwakula. Madzi otere munawaonapo m'chakudya cha munthu?”

“Sindinawaonepo,” ndinayankha.

“Ndiye mukuti mwana wanga adye?”

Ndinangodziwa kuti mwana amene ndinamutafunira chakudya ali wakhanda sangaphe munthu. Ndinanyamuka, ndinatenga mbale ija, ndinaizunguza bwinobwino monga timachitira ndi thobwa kuti nsenga zisatsalire, nkumwa zonse mpaka pansi. Zinali ngati ndanyambita khasu.

Lyson atatembenuka anayang'ana mbale, nkuyang'ana ine.

“Agogo, zoyera zija?”

“Zili m'mimba muno. Iwe phika.”

Lyson anafunsa Rute monong'ona ngati m'nyumbamo muli fulawa. Munalibe. Mbatatesi zinanso munalibe. Anadikira mafuta atenthe monga amachitira, anaika timiyulu m'chiwaya nkutipapatiza ndi supuni, anapirira osatembenuza msanga. Koma atati atembenuze, chitumbuwa chinamwazika. Chachiwiri chimodzimodzi. M'chiwaya monse munangokhala nyenyeswa, zina zopserera, zina zaziwisi.

Nthawi yonseyo anthu sankayang'ana chiwaya, ankayang'ana ine, kudikira kuti ndigwe. Ine ndinakhala chilili, ndikugeya fungo la dothi. Patapita nthawi a Esteri anaitanitsa mbale, anatola kanyenyeswa, anatafuna pang'onopang'ono. Kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

“Ayi asewere, tinavutana chabe. Apa palibe mankhwala. Mwana wanuyu sadziwa kuphika basi. Rute, usamamulole azititayira mafuta.”

Ankhoswe onse anaseka, a Robson nawonso, ndipo anati nkhani yatha, banja lipitirire. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze kuti munthu ameneyu amaphikira anthu owoloka nyanja zikuluzikulu, ena mpaka kumujambula ali pamoto. A Robson anandiponda chala.

Potiperekeza kusiteji Lyson anali kumwetulira njira yonse, akundithokoza. Ndinamufunsa kuti akuthokoza chiyani, pamene dzina lake lagwa pamaso pa mudzi wonse. Anati iye walipeza banja, dzinalo alitolera kuphiri. Ndinamuuza kuti ndigula mbatatesi ndi ndalama zanga, tibwerere, aphike zenizeni, a Esteri adye manyazi. Anaima pamsewu nkundigwira dzanja.

“Agogo, chonde. Zikakatuluka bwino adzafunsanso za zoyera zija.”

Mpaka lero sindidziwa ngati tsiku lija ndinapambana kapena ndinagonja. Sindidziwanso chimene ndinamwa, ngakhale m'mimba simunapweteke. Rute anabereka mwana wamkazi, wonenepa, mphuno yake ya kwathu. Lyson akadali ku Chitakale, amakwera phiri ndi mapoto ake, ndipo Rute anandinong'oneza kuti amamuphikirabe zitumbuwa zija mayi ake akapita kumunda, madzi nkukawatayira kuchimbudzi.

A Esteri tikakumana kumaliro kapena kumsika amandipatsa moni mwaulemu, nkundifunsa ngati mwana wanga uja waphunzirako kuphika. Ine ndimayang'ana kumbali, nkuyankha kuti akuyesetsa.