Ndinapha Nsomba za Malemu ndi Kathanki Kanga

Inu owerenga, ine ndinapha nsomba zisanu ndi ziwiri za mayi wamasiye. Sindinazithire poizoni, ndipo sindinazimane chakudya. Ndinangozipanikiza m'kathanki kakang'ono, kenako ndinatha miyezi inayi ndikunama kuti zili bwino. Mwina mukuseka kale kuti bambo wandevu zake akudandaula za nsomba, zinthu zimene kwathu timagula pamulu. Nanenso kale ndikanaseka, koma tawerengani kaye.

Ndimakhala ku South Bend, kuno ku America, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Nditangofika kuno anandilandira ndi Bambo Kamwendo a ku Lawrence, ku Indianapolis. Sanali m'bale wanga, tinangodziwana kudzera ku tchalitchi, koma ndinagona pabalaza pawo miyezi itatu osandiwerengera masiku. Pabalazapo panali thanki yagalasi yaitali ngati bedi, yodzaza madzi amchere, mmene ankawetamo nsomba zamitundu yowala zochokera kunyanja zamchere. Akaweruka kuntchito ankayamba kuyeza madzi aja asanavule n'komwe nsapato. Panali ina yabuluu, yaikulu ngati chikhatho changa, imene inkabwera kudzatola chakudya pazala zawo. Anakhala nayo zaka zisanu ndi zinayi.

Chaka chatha Bambo Kamwendo anagwa ali kuntchito, mtima unangoima. Amalawi tinasonkhana kunyumba kwawo, ndipo tinagwirizana kuti thupi lipite kumudzi. Mayi Kamwendo anayenera kupita nalo n'kukakhala komweko miyezi ingapo mpaka za maliro zonse zitatha. Nyumba inali yalendi, choncho katundu tinamugawa m'magalaja a anthu. Zinatsala ndi nsomba.

Mayi aja anafunsa pamaso pa tonse kuti ndani angawasungire. Mawu awo ndimawakumbukira bwino. Anati, "Zovala za abambo zikagawidwa kwa abale awo kumudzi, ine sindikatsala ndi kanthu. Nsomba izi zokha ndi zanga. Ndidzazipeze chonde."

Ndinaimirira ine. Kunena zoona, theka linali kuthokoza malemu, theka linali kufuna kuti anthu andione. Mwana wawo Tadala, mtsikana wamkulu wogwira ntchito m'famase, mogulitsira mankhwala, amene anakulira konkuno, anayankha m'Chingerezi kuti nsomba zimenezo sizingakhale popanda thanki yaikulu ija. Iyeyo ankakhala m'kachipinda kamodzi ndipo sakanatha kuzitenga, koma anati pali mzungu wina ku Beech Grove, mnzawo wa bambo ake, amene amawetanso nsomba zotere ndipo ali ndi malo. Ine mtima unangoti phwii. Mwana wa dzulodzuloli azindiphunzitsa pamaso pa akuluakulu? Ndiponso za malemu zipite kwa mlendo ife eni tilipo? Ndinanena monyada kuti bambo anga anali ndi damu la nsomba ku Zomba, ine nsomba ndinakula nazo. Azimayi anam'kodola Tadala kuti akhale chete, pamaliro sipokanganirana, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Thanki yaikulu ija sikanakwera masitepe a apatimenti yanga, ndiye inakatsekeredwa m'galaja. Nsomba ndinaziika m'mabaketi n'kudraiva nazo maola atatu mpaka ku South Bend. Ndinalowa m'sitolo ya ziweto n'kugula kathanki kokwana pashelefu. Wogulitsa atafunsa kuti ndiikamo chiyani, ndinati tinsomba tiwiri tating'ono, chifukwa ndinadziwa kuti ndikanena zoona ayamba kundilalikira. M'mutu mwanga nkhani inali yosavuta. Kwathu mpando wa anthu atatu m'minibasi timakhalapo anayi ndipo tonse timafika. Pabalaza pa malemu pomwepo tinkagona amuna anayi. Ndinkati nsombanso zipanikizane pang'ono, miyezi inayi si zaka.

Chimene sindinkadziwa, ndipo sindinafune kufunsa, n'chakuti nsomba imadzithandiza m'madzi omwewo amene imapumamo. M'thanki yaikulu yokhazikika, miyala ndi sefa zimakhala ndi tizilombo tosaoneka timene timayeretsa madzi. M'kathanki kanga katsopano, kodzaza nsomba zisanu ndi ziwiri, zonyansa zija zinkangosanduka poizoni. Komanso nsomba za mtundu umenewu zinazolowera kusambira mtunda, ndipo iliyonse imafuna kangodya kakekake.

Sabata yoyamba zinayamba kulumana. Ina yachikasu inkathamangitsa zinzake tsiku lonse, ndipo zothamangitsidwazo zinalibe kothawira. Sabata yachiwiri madzi anachita mbuu, fungo linayamba kumveka ndikangotsegula chitseko. Kenako ndinaona timadontho toyera pathupi pawo, ngati wina waziwaza mchere, ndipo zinkadzikhula pamiyala. Tsiku lina m'mawa ndikunyamuka kupita kushifiti ndinapeza ziwiri zitayandama chagada. Ndinazikulunga m'pepala n'kukataya m'bini ya zinyalala panja. Pomatha mwezi wachiwiri zinali zitatsala zitatu.

Lamlungu lililonse Mayi Kamwendo ankaimba foni kuchokera kumudzi. Akandipatsa moni, funso lachiwiri linali la nsomba, ndipo ine ndinkati zili bwino, zikudya. Akapempha chithunzi ndinkajambula yabuluu ija yokha, ndili chapatali. Ndinkadzitonthoza kuti kwathu munthu amene ali pamaliro sitimuuza nkhani yoipa pafoni, timadikira afike akhale pansi. Mwambo umenewo ulipodi, koma ine ndinkangobisalamo. Sindinkateteza mtima wa mayi aja ayi, ndinkateteza nkhope yanga.

Apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri, inu owerenga. Tadala anandiimbira kawiri. Ulendo woyamba anafunsa mwaulemu, m'Chichewa chake chopotoka, ngati angabwere kudzaziona. Ndinati ndili bize. Ulendo wachiwiri anati mzungu wa ku Beech Grove uja akadali wokonzeka kuzilandira, ndipo iye akhoza kubwera Loweruka kudzazitenga. Nthawi imeneyo yabuluu ija inali isanafooke kwambiri, ikanapulumuka. Koma kuti abwere, akanawerenga nsomba n'kupeza kuti zinayi palibe, ndipo Amalawi onse a ku Indianapolis akanamva kuti katswiri wa damu la ku Zomba uja walephera. Ndinamuyankha mwaukali kuti nsomba zazolowera, asazivutitse ndi maulendo. Anangoti, "Chabwino, ankolo," n'kudula foni.

Mwezi wachitatu ziwiri zina zinafa, inatsala yabuluu yokha. Ndinayamba kusintha madzi pafupipafupi, ndinagula mankhwala, ndinkawerenga pafoni nthawi yopuma kuntchito. Zonse zimene ndinkawerenga zinkanena chinthu chimodzi, chomwe chija anandiuza mtsikana uja pamaliro. Nsombayo inkangokwera ndi kutsika pagalasi tsiku lonse, kufuna njira yotulukira. Mtundu wake unazilala, ndipo khungu la kumaso linayamba kudyeka n'kusiya timaenje. Ikatembenuka mchira unkagunda galasi. Ine ndimasamalira okalamba, ndimadziwa maonekedwe a thupi limene latopa ndi moyo. Ndinaona zonsezo, koma foni sindinaimbe.

Mayi Kamwendo anabwerako patatha miyezi inayi. Anapeza nyumba ina ku Lawrence komweko, ndipo Tadala anali atatulutsa thanki yaikulu ija m'galaja, n'kutha masabata akukonza madzi kuti nsomba zidzafikire pabwino. Loweruka lina masana mayi aja ndi Tadala anaimika galimoto panja panga. Anakwera masitepe atanyamula mabaketi atatu.

Atalowa, mayi aja sanakhale pampando. Anapita molunjika pashelefu n'kugwada kuti aone bwino. Nsomba ija inali itatsamira mwala, ikupuma movutikira. Anaviika chala m'madzi monga ankachitira amuna awo, koma siinabwere. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwawo ngati mwana wasukulu wogwidwa akuba. Kenako anafunsa osanditembenukira, "Zinzake zija munaziika kuti?"

Ndinayankha kuti zinafa. Anati zimenezo aona, akufunsa kuti ndinazikwirira pati. Ndinanena zoona kwa nthawi yoyamba m'miyezi inayi, kuti ndinazitaya m'bini. Tadala anatuluka panja akulira. Mayi aja sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Anangofunsa kuti, "Ndiye Lamlungu lililonse lija munkandiuza chiyani?"

Anaitenga nsomba ija m'baketi imodzi, mabaketi awiri anabwerera opanda kanthu. Madzulo ake Tadala ananditumizira uthenga wa mzere umodzi wonena kuti yafera m'njira asanafike ku Indianapolis.

Ndinapitako patapita sabata kukapepesa, nditatenga mkulu wa mpingo kuti andiperekeze. Anatilandira, anatipatsa tiyi, ndipo anati andikhululukira. Ndikukhulupirira kuti ananena zoona. Koma anawonjezera kuti masiku onse amene anali kumudzi, abale a amuna awo akugawana masuti ndi nsapato iwo akuona, chimene chinkawalimbitsa mtima n'chakuti ku America kuli kanthu kena kamoyo kamene kakuwadikira. Mawu amenewo amandibwerera ndikamadya, ndikamadraiva, ngakhale ndili m'tchalitchi. Ndimachita manyazi, ndipo ndikawaona pa misonkhano ya Amalawi ndimakhala mbali ina.

Choncho ndikukupemphani, inu owerenga. Ngati mukufuna kuweta nsomba za m'madzi amchere, funsani kaye kuti mtundu umenewo umakula bwanji ndipo umafuna thanki yotani. Ngati malo mulibe, zisiyeni m'sitolo momwemo. Nsomba silira, sibuula, imangofa pang'onopang'ono inu mukuiyamikira kukongola. Munthu wofedwa akapempha womusungira chinthu, musaimirire chifukwa choti anthu akuonani, ndipo wokuchenjezani akakhala wamng'ono kwa inu, mveranibe. Koposa zonse, zinthu zikayamba kulakwika nenani chinthucho chikadali moyo. Ine ndinali ndi miyezi inayi yoti ndiimbe foni imodzi yokha, nambala ya Tadala ndinali nayo, ndipo sindinaimbe.