Mng'alu Kuseri kwa Kabati

Ndinagwira ntchito m'nyumba imodzi ya azungu kumayadi ku Bulawayo zaka khumi ndi zitatu. Ndinkagona m'khaya, kachipinda ka wantchito kuseri kwa nyumba yaikulu. Amuna anga ankagwira ntchito kunjanji, ndipo ankakhala ku Pumula, komboni ya anthu akuda, ndi ana athu awiri. Ine ndinkapita kukawaona Loweruka masana, Lolemba m'mamawa n'kubwerera.

Nkhondo yomenyera ufulu wa anthu akuda itafika povuta, abwana ankaitanidwa kuusilikali pafupipafupi. Ankabwerako ataonda, osafuna kuyankhula ndi munthu. Mwana wawo, amene ndinamubereka kumsana ali khanda, anali atamutumiza kale ku Joni kuti akakula asadzalembedwe usilikali. Tsiku lina ndikusita, adona anaima pakhomo la kukhitchini n'kunena m'Chilapalapa chawo chija, chinenero chimene azungu ankayankhula ndi antchito, kuti nyumba akuigulitsa, nawonso akupita.

"Nanga ine, dona?"

"Zimenezo tidzaona," anatero.

Kenako kunabwera mayi wina wachizungu wa magalasi, amene ntchito yake inali kugulitsa nyumba za anthu. Anazungulira zipinda zonse ali ndi kabuku m'manja. Analamula kuti zithunzi za banja zichoke pakhoma, ndi mipando ina ichotsedwe pabalaza kuti malo aoneke aakulu. Ine zinandizunguza mutu. Kwathu ku Chipata nyumba sinkagulitsidwa. Munthu akasamuka ankasiyira mbale wake, apo ayi inkagwa yokha ndi mvula. Ndipo ndinkadziwa kuti nyumba yabwino ndi yodzaza katundu. Apa ankati ikhale ngati simukhala munthu, ndiye wogula aikonda.

Penti inkasowa m'masitolo masiku amenewo. Abwana anapeza zitini ziwiri zosiyana mtundu, n'kuzisakaniza, panatuluka mtundu ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Sinakwane nyumba yonse, choncho anapaka mbali yoyang'ana kumsewu yokha. Khonde ndinalipaka polishi wofiira mpaka maondo anachita zikang'a. Khaya langa, limene silinaonepo njereza chilowereni ine, linayera mbee m'tsiku limodzi. Ndinakondwa, koma madzulo ake anandiuza kuti ndizule maungu amene ndinabzala m'mbali mwa mpanda, atayamba kale kubereka. Mapoto anga, Baibulo ndi nsapato za kutchalitchi, zonse ndiziike pansi pa bedi.

"Pasaoneke kuti pamagona munthu," anatero adona.

"Koma pamagona munthu, dona."

"Ndikudziwa. Ukuganiza kuti sindikudziwa?"

Tsiku lililonse loyembekezera ogula ndinkaphika buledi, osati kuti anthu adye, koma kuti fungo lidzaze nyumba. Mayi wa magalasi uja ndiye anatiphunzitsa zimenezo.

Panali chinthu chimodzi chimene penti sikanabisa. M'chipinda chodyera khoma linali ndi mng'alu kuyambira pansi mpaka kudenga, wolowa chala. M'dzinja unkatsekeka pang'ono, m'chilimwe n'kuyasamulanso. Abwana anaumata ndi simenti kawiri konse, koma unkabwerera. Mayi uja anauyang'ana, n'kuloza kabati yaitali ya mbale. Tinaikankha ine ndi abwana mpaka inaphimba malowo.

"Munthu akakufunsa, iwe sukudziwa kanthu," adona anandiuza, maso ali kumbali.

Chikwangwani chotsatsa nyumbayo chinakhala pageti miyezi yambiri. Vuto linali lakuti mumsewu wathu zikwangwani zotero zinali mbwee, aliyense ankafuna kuchoka. Ogula ochepa amene ankabwera ankanunkhiza buledi, kutsegula mipopi, kusuzumira m'makabati, n'kumapita osabweranso. Adona akawaonetsa chitofu ankatembenukira kwa ine, ndili chiimire ndi epuloni yanga yoyera, n'kunena kuti, "Ameneyu ndi wokhulupirika, mukhoza kumusunga." Sindinkadziwa ngati ndimwetulire kapena ndiyang'ane pansi. Ndinkafuna nyumbayo igulidwe kuti adona asiye kulirira kubafa, ndiponso sindinkafuna igulidwe.

Nditawafotokozera amuna anga ku Pumula, anafunsa kuti, "Ndiye kuti akugulitsa pamodzi ndi iwe?" Anaseka, koma ataona kuti ine sindikuseka, anasiya.

Pamzere wa basi ku Egodini ndinamva anthu akukambirana kuti lamulo lasintha, anthu akuda aloledwa kugula nyumba kumayadi. Ndinaziyesa nkhambakamwa za pamzere. Koma Loweruka lina m'mawa kalole kanaima pageti, n'kutsikamo bambo wachikulire wovala kofia yoyera, ndi mkazi wake atafunda mpango. Ine ndinali kusesa pakhonde. Ndinawalonjera m'Chindebele, n'kuwauza kuti ntchito kuno kulibe, koma ngati abwera ndi katundu adzere kukhomo lakuseri. Mayi wa magalasi anatuluka m'nyumba ali wefuwefu, n'kuwapatsa moni wa m'manja. Anali ogula. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Analowera khomo lakumaso. Adona anaimirira, manja akusowa powaika, kenako anati ndipange tiyi. Kukhitchini ndinaima ngati wozunguzika. M'nyumbamo munali makapu amitundu iwiri: osweka amaluwamaluwa a alendo, ndi achitsulo a ife antchito ndi munthu wakuda aliyense wobwera kudzakonza kanthu. Ndinatenga osweka, n'kuwabweza, n'kuwatenganso. Nditalowa ndi thireyi adona anayang'ana makapuwo, n'kundiyang'ana ine. Anathira tiyi okha.

Azimayi atatu aja atapita kukaona zipinda zogona, bambo uja anatsalira m'chipinda chodyera pamene ine ndinkachotsa makapu. Mwadzidzidzi ndinamva Chichewa.

"Mayi, Chindebele chanucho n'chakumpoto. Kwanu n'kuti?"

"Ku Chipata, bambo."

"Ife ndi a ku Zomba. Ndinabwera kuno kalekale, ntchito yanga ndi yomanga nyumba." Anatsitsa mawu. "Inu mwakhalitsa muno. Nyumbayi imadwala chiyani?"

Anthu aja ndinadya mchere wawo zaka khumi ndi zitatu, mwana wawo ndinamulera ine. Koma uyu anali munthu wakwathu, wandifunsa m'chinenero cha amayi anga, m'chipinda chimene chinenerocho chinali chisanamvekemo.

"Denga silidontha, bambo," ndinatero. Zinali zoona.

Ndinaonjezera china msanga.

"Madzi otentha amatulukanso bwino."

Pakamwa panathera pomwepo, koma maso anga anapita okha pakabati. Bambo uja anaseka chapansipansi.

"Musavutike, mayi. Ndauona kale ndili panja, mbali imene sanapake penti ija. Dothi la kuno ndi lamakande, nyumba zambiri zili choncho. Ndimangofuna ndimve kuti munena chiyani."

Sanandiuze ngati ndayankha bwino kapena ndalakwa. Mpaka lero sindidziwa chimene ankayembekezera.

Abwana atalowa kuchokera kugalaja, bambo uja anawapempha mwaulemu m'Chingerezi kuti asunthe kabati. Abwana nkhope inafiira mpaka m'makutu, koma anakankha. Amuna awiriwo anagwada pansi, kulowetsa zala mumng'alu, n'kumakambirana za maziko ngati anthu odziwana kale. Adona anali pakhomo, akuyang'ana ine.

Alendo atapita anandifunsa kuti, "Unamuuza ndiwe?"

"Sindinanene, dona."

Sindinaname, komabe mawuwo anamveka ngati bodza. Adona sanandikalipire. Anangosiya kucheza nane. Masabata otsalawo tinkakulunga mbale m'nyuzipepala tili moyandikana, osayankhulana kupatula za ntchito.

Bambo uja anaigulabe nyumbayo. Tsiku lonyamuka adona anandipatsa makina awo osokera ndi kalata yonena kuti ndine wakhama. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, ngati akufuna kunena kanthu, koma abwana analiza hutala.

Mkazi wa mwini watsopano anandipeza ndili kukhaya. Anakhala nane pansi, n'kundifunsa za ana anga, kenako anati, "Achemwali, musatione oipa. Ife ntchito ya m'nyumba timagwira tokha, ndipo muno mudzagona apongozi anga." Ndinati ndamva. Iwo eni anandithandiza kumanga matiresi, ndipo amuna awo anandiperekeza pa kalole kaja mpaka ku Pumula. Ndinakhala kutsogolo. Njira yonse ankandisimbira za mitengo ya njerwa ndi kusowa kwa simenti.

Lolemba ndinadzuka m'mamawa monga mwa masiku onse, ndinasamba, n'kuvala, kenako ndinakumbukira kuti kulibe kopita. Ndinakhala pakhomo kuonerera anthu akuthamangira basi. Mwana wanga wamkazi anatuluka ndi yunifolomu yake, anadziphikira yekha phala monga anazolowera, osandipempha kanthu. Pochoka anaima, n'kundifunsa m'Chindebele, chifukwa Chichewa ankangochimva koma osachiyankhula, kuti ndibwerera liti kuntchito.

Ndinamuuza kuti ndabwereratu. Anandiyang'ana pang'ono, n'kundionetsa pamene amasiya kiyi.