Tabo ya a Yami yakokedwa ndi ng'ombe

Mwaswera bwanji nonse. Imvani za achimwene athu a Yami lero.

Paja mwezi wonse akhala akugona kunsi kwa galimoto yawo yakale ija ya injini yamphamvu ya tabo. Anaitsitsa mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza pansi, n'kuchotsanso mipando yakumbuyo, ati ipepuke izithamanga. Ndiye lero apita nayo ku Kapelula kukatenga apongozi awo kuti adzaone mdzukulu wakhanda. Ine ndawatsatira panjinga yamoto kukanyamula katundu, poti buti yadzaza ndi masipanala.

Kufika kuja, mpando wotsala ndi umodzi, wa pambali pa mkamwini. Anthu awiriwatu ngakhale panjira amapatukirana. Mayi aja akhala chotembenukira kuwindo, chitenje chili kumutu, a Yami khosi lili gwa, maso kutsogolo ngati palibe munthu.

Tisanafike ku Mtunthama, pamene msewu unakumbika ndi ngolo za fodya paja, galimoto yakhalira mimba. Matayala kumangozungulira, tabo kumangoyetsemula. Mpaka tapempha mwini ngolo ina kuti ng'ombe zake zitikoke.

Apongozi atsika mwaulemu, akwera pamwamba pa mabelo a fodya, kenako andikodola ine, osati mkamwini. Akuti, "Muwauze bambo a mwana kuti galimoto yawo ndi yokongola. Ikadzakula adzanditenge."

Tsono a Yami akuumirira kuti Loweruka paukwati wa m'bale wathu Chisomo mkwatibwi akwera yomweyi. Amalume, azakhali, mukuti bwanji? Tiwalole, kapena tilankhuliretu ndi mwini ng'ombe?