Chithunzi cha Olive pa Khoma la Shedi

Inu amene anakukwezani pa ntchito koma mutu sukugwira, tamvani za Safia wa ku Machinga.

Tsiku limene bwana anamuuza kuti mwezi ukatha zinthu zisanasinthe ntchito yatha, Safia anakadzitsekera m'chimbudzi cha pa shedi n'kulira chamumtima. Anali atangomutenga kumudzi mwana wake Tahir. Ntchito ikatha, mwanayo akwerenso basi kubwerera.

Shediyo ili ku Philippi, kutali kunja kwa Malawi, kumene amapakira sipinachi ndi kabichi zopita m'masitolo. Safia anayamba n'kutsuka masamba m'madzi ozizira mpaka zala kuchita dzanzi. Atamukweza kukhala kapitawo wa timu ya Amalawi anzake, kampani inamutumiza kukaphunzira kwa a Naomi, mayi wodziwa za maganizo a anthu pa ntchito. Mfundo imene Safia anaigwiritsitsa inali iyi: munthu akachita bwino, muyamikire pagulu.

Ndiye anachitadi zomwezo. Olive, mayi wa ku Dedza wa manja achangu, anamuimika kutsogolo, anthu n'kuwomba m'manja, chithunzi chake n'kuchimata pa khoma.

Mawa lake Olive anayamba kupakira ngati wadwala. Enanso chimodzimodzi, aliyense diso lili pa kereti ya mnzake kuti asamupitirire. Lole inkanyamuka isanadzaze.

Safia anasokonezeka. Walakwa pati? Kapena kuyamikako kwachepa? Anawonjezera, zinthu n'kunyanyira. Akafunsa, yankho linali limodzi, maso ali pansi: "Palibe vuto, sisi." Tsiku lina anapitirira potsikira teksi, akungolingalira.

Atatuluka m'chimbudzi muja, anaimbira a Naomi.

"Mayi, zomwe munatiphunzitsa zija zikukana. Kapena mbuli ndine?"

"Ine ndinakupatsa mfundo, koma anthu akowo sindiwadziwa. Tasiya kaye kuyankhula, uziyang'ana. Akuopa chiyani?"

Kuyang'ana ndiye Safia amatha. Ndi mayi woti malungo a mwana amawaona thupi lisanatenthe. Pa nthawi ya tiyi anaona Olive atakhala yekha kuseri kwa makereti. Chakudya chake sankachisiyanso pa shelefu ndi cha anzake, ankayenda nacho m'thumba la ovolosi. Wina podutsa pa chithunzi chija anagwada mwachipongwe: "Wawa, abwana a pa khoma!" Shedi yonse gwa ndi phwete.

Safia anamutsatira Olive ku mpopi.

"Achemwali, ndinakulakwirani chiyani?"

Olive anatsegula madzi kwambiri kuti ena asamve.

"Safia iwe, kwanu munthu akakolola zambiri amakamanga nkhokwe pa msewu? Anthu awa ndimakwera nawo teksi imodzi, ndimagona nawo mpanda umodzi. Nditadwala mawa, andiperekeze kuchipatala ndani? Khoma lakolo?"

Apa m'pamene Safia anamvetsa. Iye ankati akumupatsa ulemu, chonsecho wamuchotsa pakati pa anzake m'dziko la eni. Ndipo enawo ankachedwa dala kuti asakhale otsatira kupachikidwa.

M'mawa mwake anamatula chithunzicho anthu onse akuona, n'kupepesa. Anthu anangopitiriza kupakira. Masiku angapo anadutsa lole ikunyamukabe yosadzaza, ndipo Safia sankadziwa ngati wakonza kapena wawonongeratu.

Koma sanasiye. Anavalanso epuloni, n'kuima pa tebulo pafupi ndi Olive.

"Tandiphunzitsani kamangidwe kanu ka sipinachi, manja angawa ngolemera."

Mtolo wake woyamba unamasuka, masamba mbwee pansi. Anthu anaseka mpaka misozi, ulendo uno akuseka kapitawo. Aliyense anabwera kudzamuwongolera, ndipo powongolera iyeyo, onse anatengera kamangidwe ka Olive osazindikira. Wochita bwino, Safia ankangomunong'oneza ku mpopi: "Ndaona, zikomo."

Pang'ono ndi pang'ono makereti anayamba kukwera. Mwezi usanathe lole inadzaza, kabichi wina n'kutsala pansi.

Bwana anabwera ndi foni m'manja. "Katswiri wa mwezi uno ndani? Ndimujambule."

"Bwererani m'mbuyo pang'ono, bwana," anatero Safia, "kuti tonse tikwane."

Lero Tahir amapita kusukulu ya mkaka ku Philippi konko, ndipo chakudya cha Olive chinabwerera pa shelefu.

Nanunso ngati mwachita zonse zomwe anakuphunzitsani koma zikukana, musafulumire kudzitcha mbuli. Tsekani kaye pakamwa, muwayang'ane anthu anuwo, mufunse chomwe akuopa. Osataya mtima, m'bale wanga. Yankho mwina likukudikirani ku mpopi.